Kusunga zolemba pa seva ya kunyumba: mafunso ndi mayankho

Aphunzitsi, ophunzira, alembi a mipingo ndi a makomiti, eni timabizinesi, onsewa masiku ano amalemba pa foni kapena pa laputopu, ndipo zolembazo zimakagona m'makompyuta a makampani akutali. Pali ena amene ayamba kuzibweza kunyumba n'kumazisunga pa kakompyuta kawokawo kamene kamakhala koyaka usana ndi usiku. Mapulogalamu ochitira zimenezi ndi ambirimbiri, moti munthu akhoza kutha mwezi wathunthu akungoika iyi n'kuchotsa iyo osalemba kalikonse. Ndibwino kudziwiratu zoyenera kuyang'ana musanayambe.

Kodi seva ya kunyumba n'chiyani, ndipo ndiivutikirenji pamene mapulogalamu aulere ali mbwee?

Seva ndi kompyuta wamba imene mwaipatsa ntchito yotumikira zipangizo zina. Imasunga mafayilo, ndipo foni ndi laputopu zimabwera kudzatenga ndi kudzasiya. Ikakhala m'nyumba mwanu, malamulo ake mumaika ndinu.

Chifukwa chovutikira chili m'mbiri ya mapulogalamu aulerewo. Evernote inali yotchuka kwambiri pa zolemba, koma itagulidwa ndi kampani ya ku Italy ya Bending Spoons, mu December 2023 anthu osalipira anauzidwa kuti malire awo ndi zolemba 50 ndi kope limodzi basi. Google inatseka Google Reader mu 2013 anthu akuikondabe. Skiff inagulidwa ndi Notion mu 2024 n'kutsekedwa. Mozilla inatseka Pocket mu July 2025. Makampaniwa sanabe kanthu, anachita zimene mwini chinthu ali ndi ufulu wochita. Koma munthu amene anaunjikamo zolemba za zaka khumi amapezeka akusamuka mothamanga pa tsiku limene sanasankhe yekha.

Musaganize kuti kusunga nokha ndi mpumulo. Amene chimanga chake chili m'nkhokwe yake palibe angamutsekere chitseko, koma anankafumbwe akalowa, woika mankhwala ndi iye yemwe. Hard disk ikafa, magetsi akawotcha makina, pulogalamu ikafuna kukonzedwa, palibe ofesi yoimbira foni. Ngati ntchito imeneyo simukuifuna, kulipira kampani yodalirika si kulakwa.

Ndiyambe ndi kusankha pulogalamu yolembera kapena kugula makina?

Zonsezo zidikire. Yambani ndi funso ili: tsiku limene ndidzafune kuchoka, zolemba zanga zidzatuluka zili bwanji? Funso limeneli limaposa ena onse amene ali m'nkhani ino, chifukwa pulogalamu iliyonse imene mungasankhe lero mudzaisiya tsiku lina, koma zolemba mudzazifunabe.

Yankho labwino ndi mafayilo wamba a mawu, makamaka a mtundu wa Markdown, umene John Gruber anautulutsa mu 2004. Fayilo ya Markdown ndi mawu okhaokha okhala ndi tizizindikiro tochepa tosonyeza mutu kapena mawu otsindika. Imatseguka pa kompyuta iliyonse, ngakhale mu Notepad, popanda pulogalamu imene inailemba. Ndi yopepukanso kwambiri: zolemba masauzande angapo zimatha kuchepera vidiyo imodzi ya pa WhatsApp.

Choncho pulogalamu musanaikhulupirire, iyeseni chonchi. Lembanimo zolemba khumi, ikanimo chithunzi ndi fayilo ya PDF, lumikizani cholemba china ndi chinzake, kenako tulutsani zonse mukazitsegule kwina. Onani ngati zithunzi zabwera, ngati mitu ili m'malo mwake, ngati masiku olembera asungika. Yesaninso kufufuza mawu ngati ng'ombe kapena dzina lokhala ndi ŵ, chifukwa foni ndi laputopu nthawi zina zimalemba kachizindikiro kodulira mawu mosiyana, ndipo mapulogalamu ena amaona ngati ndi mawu awiri osiyana.

Mayina amene ndimamva ndi Joplin, Obsidian, Trilium ndi Logseq. Amasiyana pati?

Joplin anailemba Laurent Cozic ndipo inatuluka mu 2017. Khodi yake ndi yotseguka, kutanthauza kuti aliyense akhoza kuiwerenga, kuikonza ndi kuipitiriza. Ilipo pa Windows, Mac, Linux, Android ndi iPhone. Zolemba zimakhala pa chipangizo chilichonse, ndipo seva imangothandiza kuti zipangizozo zizifanana. Ikhoza kudzera pa Nextcloud, pa seva iliyonse ya WebDAV, kapena pa Joplin Server imene mumaika nokha. Imathanso kubisa zolemba zisanachoke pa foni, moti amene angabe seva sangawerenge kanthu popanda pasiwedi. Kwa wochokera ku Evernote, imalandira mafayilo a ENEX mwachindunji. Pofooka pake m'pakuti mkati mwake imasunga zolemba mu database ya SQLite, osati m'mafoda amene mungawatsegule ndi pulogalamu ina nthawi iliyonse. Kuti muone mafayilo wamba muyenera kuzitulutsa kaye, ngakhale kutulutsako n'kosavuta.

Obsidian, ya Shida Li ndi Erica Xu, inatuluka mu 2020 ndipo yatenga njira yosiyana. Zolemba zanu ndi foda ya mafayilo a Markdown basi, pulogalamu imangokhala pamwamba pake. Imachita bwino kwambiri polumikiza cholemba ndi cholemba, n'chifukwa chake ochita kafukufuku amaikonda. Koma khodi yake ndi yotseka, ndipo njira yake yofananitsira zipangizo ndi yolipira, pokhapokha mutakonza yanu. Ena amaikana pa chifukwa chimenechi. Ine ndimaona kuti pulogalamu yotseka imene imasiya mafayilo anu poyera ndi yochepa chiopsezo kusiyana ndi yotseguka imene imawakwirira mwa njira yakeyake.

Trilium imasanja zolemba ngati nthambi za mtengo, ndipo cholemba chimodzi chikhoza kuonekera pa nthambi zingapo. Ndi yamphamvu kwa munthu wa zolemba zambiri zofuna dongosolo, koma zonse zimakhala mu database imodzi, ndipo pa foni kawirikawiri imadalira browser ndi seva yoyaka. Logseq ndi ya anthu amene amaganiza mwa timfundo tifupitifupi tolembedwa pa tsamba la tsiku lililonse. Amene amalemba ndime zazitali amatopa nayo msanga.

Ngati zolembazo ndi za gulu, monga malamulo a sukulu kapena ndondomeko za pa ofesi, yang'anani BookStack, imene imasanja zinthu m'mashelefu, m'mabuku, m'mitu ndi m'masamba, kapena DokuWiki ya Andreas Gohr, imene yakhalapo kuyambira 2004 ndipo siifuna database konse.

Mukandifunsa poyambira munthu mmodzi kapena banja, ndinena Joplin kwa wofuna chinthu chimodzi chogwira ntchito paliponse, ndi Obsidian kwa wofuna kuona mafayilo ake ndi maso.

Nanga magetsi akathima, zolemba ndizipeza bwanji?

Apa ndi pamene malangizo ambiri olembedwa ku Ulaya ndi ku America satithandiza, chifukwa olembawo amatenga magetsi ngati chinthu chosasowa. Mapulogalamu a zolemba ali m'magulu awiri. Ena amakhala pa seva pokha, inu n'kumawafikira pa browser. BookStack ndi DokuWiki ali m'gulu limeneli, ndipo seva kapena rauta ikazima, zolemba zazimanso. Ena amasunga kope lathunthu pa foni ndi pa laputopu, n'kumafananitsa seva ikapezeka. Joplin ndi Obsidian ali uku. Mumalemba muli mu minibasi, muli kumudzi kopanda netiweki, ndipo mukafika kunyumba zipangizo zimauzana zatsopano.

Kwa aliyense amene amakhala kumene magetsi amathimathima, gulu lachiwirili ndilo loyenera pa zolemba za tsiku ndi tsiku. Seva ikhale yothandiza, isakhale malo okhawo okhala zolemba.

Ngati zili choncho, kodi seva ikufunikadi?

Nthawi zina ayi, ndipo ndibwino kunena zimenezi poyera. Pali pulogalamu yotchedwa Syncthing, imene Jakob Borg wa ku Sweden anaiyamba mu 2013, imene imafananitsa foda pakati pa zipangizo mwachindunji popanda kompyuta yapakati. Foni ndi laputopu zikakhala pa Wi-Fi imodzi zimapezana zokha, ngakhale intaneti palibe, ndipo bandulo siikhudzidwa. Foda ya Markdown ndi Syncthing n'zokwanira kwa anthu ambiri.

Vuto lake ndi lakuti zipangizo ziwirizo ziyenera kukhala zoyaka nthawi imodzi, ndipo mukasintha cholemba chimodzi pa zonse ziwiri zisanauzane, mumapeza mafayilo awiri oti musankhepo. Seva imachepetsa vutoli pokhala chipangizo chachitatu chimene chimakhala maso nthawi zonse. Dziwaninso kuti Syncthing ilibe pulogalamu yakeyake pa iPhone, ndipo ya pa Android inasiya kutulutsidwa ndi eni ake mu December 2024, moti anthu amagwiritsa ntchito Syncthing-Fork imene ena akuisamalira.

Makina ake akhale otani?

Laputopu yakale imene yangokhala m'kabati ndiyo yoyamba kuiganizira. Ili kale ndi batire, choncho magetsi akathima siizima mwadzidzidzi, ndipo kuzima mwadzidzidzi ndi kumene kumawononga database. Ilinso ndi sikirini ndi kiyibodi zake zinthu zikavuta. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo makompyuta ambiri amene sangalandire Windows 11 amayenda bwinobwino ndi Linux. Memory ya 4 GB imakwana pa zolemba, 8 GB imapereka mpata. Chotsani hard disk yakale muikemo SSD, ndipo muziyang'ana batire mwezi ndi mwezi. Ikayamba kutupa, ichotseni tsiku lomwelo.

Raspberry Pi, kakompyuta ka ku Britain kamene kanayamba kugulitsidwa mu 2012, kamadya magetsi ochepa kwambiri, koma mukawerengera chaja yake, kabokosi ndi posungira, mtengo umafika pa kompyuta yaing'ono ya kaunjika yochokera m'maofesi. Mukasankha ka Pi, musadalire memory card pa database, chifukwa imatha msanga ikamalembedwa kosalekeza.

Werengeraninso mayunitsi. Makina odya mawati 10 usana ndi usiku amatha mayunitsi 7 ndi pang'ono pa mwezi. Kompyuta yaikulu yakale yodya mawati 60 imatha mayunitsi 43. Kusiyana kumeneko mudzakuona pa mita. Rauta nayo ipezereni kabatire kake, ndipo nyengo ya mvula isanafike ikani chotetezera ku mphenzi.

Ndiye seva ndiziiyendetsa ndi chiyani? Ndimamva za Proxmox, TrueNAS, CasaOS, Portainer, mutu n'kuzungulira.

Mutu umazungulira chifukwa mayinawa amatchulidwa pamodzi ngati akupikisana, pamene ntchito zawo n'zosiyana.

Pansi pa zonse pamakhala Linux. Debian, imene yakhalapo kuyambira 1993, kapena Ubuntu Server ya mtundu wa LTS, imene imasamalidwa zaka zisanu, zonse n'zabwino chifukwa sizisinthasintha. Pamwamba pake anthu ambiri amaika Docker, ya mu 2013, imene imaika pulogalamu iliyonse m'kachipinda kakekake kuti isasokoneze inzake. Ndi Docker Compose, mumalemba fayilo imodzi yaifupi yonena pulogalamu imene mukufuna, foda yosungira zinthu zake, ndi kuti izidziyatsa yokha makina akayaka. Fayilo imeneyo ndi chuma. Makina akafa, mumaitengera pa ena pamodzi ndi mafoda aja, ndipo madzulo omwewo zonse zabwerera.

Portainer, Dockge ndi Cockpit ndi mawindo ongoonera ndi kudina. Portainer imayendetsa Docker pa browser. Dockge, ya Louis Lam amene analembanso Uptime Kuma, imachita zochepa koma imasiya mafayilo a Compose pa disk poonekera, ndipo pa chifukwa chimenecho ndimaikonda. Cockpit imaonetsa makina enieniwo: kudzaza kwa disk, memory, zosintha zimene zikudikira. Kumbukirani kuti amene walowa mu Portainer walowa m'makina onse, choncho pasiwedi yake isakhale yachibwana.

CasaOS, Umbrel ndi YunoHost zimakupatsani sitolo ya mapulogalamu, mumangodina n'kuika. Kwa woyamba kumene zimachotsa mantha, ndipo YunoHost, imene inayambira ku France ndipo imakhala pa Debian, imasamalanso za maakaunti ndi makope osungira. Chovuta chimabwera tsiku limene china chasweka pansi pa batani lija, inu simunaonepo mmene zinthu zalumikizirana.

Proxmox VE, yochokera ku Vienna kuyambira 2008, imagawa kompyuta imodzi kukhala makompyuta angapo, ndipo imakulolani kujambula mmene makina alili musanasinthe chinthu kuti mubwerere zikalakwika. TrueNAS ndi OpenMediaVault ndi za munthu amene cholinga chake chachikulu ndi kusunga mafayilo ambiri pa ma disk angapo, ndipo TrueNAS imafuna memory yosachepera 8 GB. Zonsezi n'zabwino, koma pa zolemba ndi mapulogalamu awiri atatu n'zopitirira muyeso. Chimodzimodzi Nextcloud: ngati mukufunanso zithunzi, kalendala ndi manambala a foni pamodzi, ndi yoyenera, koma kuiika chifukwa cha zolemba zokha ndi kudzisenzetsa katundu.

Chilichonse chimene mwawonjezera chidzafuna kusamalidwa Loweruka lina pamene muli ndi ukwati kapena maliro oti mupiteko. Ikani zochepa.

Ndikufuna kufikira seva ndili ku ntchito kapena pa ulendo. Nditsegule khomo pa rauta?

Ayi, makamaka poyamba. Ndipo mwina simungathe n'komwe, chifukwa intaneti ya makampani a mafoni, komanso Starlink pa mapulani ake wamba, imagawira adiresi imodzi kwa makasitomala ambiri mwa njira yotchedwa CGNAT, moti wochokera kunja sangaloze nyumba yanu.

Ngakhale mutatha, taonani zimene zinachitikira ena. Mu June 2021 anthu ambiri okhala ndi zipangizo zosungira mafayilo za My Book Live za Western Digital anadzuka n'kupeza zonse zafufutidwa kudzera pa intaneti, ndipo zipangizozo zinali zitasiya kulandira zosintha mu 2015. Mu January 2022 pulogalamu yoipa ya DeadBolt inatseka mafayilo pa makina a QNAP amene anali poyera pa intaneti, n'kumafuna 0.03 bitcoin kuti iwatsegule. Ngakhale kuthyoledwa kwa kampani ya LastPass mu 2022 kunadzera pa kompyuta ya kunyumba ya mmodzi wa mainjiniya ake, imene inali ndi pulogalamu ya Plex yakale yosakonzedwa, pamene chigamba cha bowo lake chinali chitatuluka mu 2020. Ambiri mwa amene amachita izi safufuza kuti ndinu ndani. Makina awo amangoyendera adiresi iliyonse n'kuyesa ngati pali potseguka.

Njira yabwino ndi kukumba msewu wobisika pakati pa zipangizo zanu zokha. WireGuard ya Jason Donenfeld, imene inalowa mu Linux mu 2020, imachita zimenezo. Tailscale imamanga pamwamba pake ndipo imadutsa CGNAT popanda kukhudza rauta. Dziwani kuti potero mwadaliranso kampani pa kulumikiza zipangizozo, ngakhale siiona zimene mukutumizirana. Amene sakufuna zimenezo amaika Headscale, koma imafuna seva ina yooneka pa intaneti. Ndipo ngati zolemba zili kale pa foni, dzifunseni ngati kufikira seva muli kutali n'kofunikadi. Kufananitsa madzulo pa Wi-Fi ya kunyumba kumakwanira ambiri.

Zolemba zili pa foni, pa laputopu ndi pa seva. Si makope atatu amenewo?

Ayi, ndipo apa ndi pamene anthu amalira kwambiri. Kufananitsa kumafalitsa chilichonse, cholakwika chomwe. Mukafufuta foda mwangozi pa foni, m'kanthawi kochepa yafufutikanso pa laputopu ndi pa seva. Ma disk awiri oyenda limodzi, amene amatchedwa RAID, nawonso amangokutetezani disk imodzi ikafa. Wakuba, moto, mphenzi ndi dzanja lanu lomwe sizisankha disk.

Kope lenileni losungira ndi limene limakumbukira mmene zinthu zinalili dzulo, sabata yatha ndi mwezi watha. Lamulo lodziwika, limene wojambula zithunzi Peter Krogh analifalitsa, ndi la 3-2-1: makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kunja kwa nyumba. Mapulogalamu a restic ndi BorgBackup amachita bwino ntchitoyi. Amabisa makopewo ndi pasiwedi ndipo amangowonjezera zimene zasintha, moti bandulo siipweteka. Kope lakunja likhoza kukhala hard disk imene mumasiya kwa m'bale wanu n'kumaisinthanitsa mwezi ndi mwezi. Popeza zolemba n'zopepuka, ngakhale fulashi imakwana. Pa mapulogalamu okhala ndi database, musakopere fayilo yake pulogalamu ikuyenda. Iimitseni kaye, kapena gwiritsani ntchito njira yake yotulutsira. Mu Syncthing yatsaninso kusunga mitundu yakale ya mafayilo, chifukwa sikubwera koyatsa kale.

Kenako yesani kubweza. Tengani kope lija pa kompyuta ina, litseguleni, muwerenge cholemba cha mwezi watha. Chitani zimenezi kamodzi pa miyezi ingapo, chifukwa makope amatha kusiya kupangika mwakachetechete disk itadzaza kapena pasiwedi itasintha.

Ndidziwa bwanji kuti pulogalamu imene ndasankha siidzafa chaka chamawa?

Mapulogalamu ambiri oterewa amalembedwa ndi munthu mmodzi kapena awiri pa nthawi yawo yopuma, ndipo munthu amatopa. Mu January 2024 mlembi wa Trilium analengeza kuti sadzawonjezeranso zatsopano. Chifukwa khodi inali yotseguka, ena anaitola pa dzina la TriliumNext n'kupitiriza. Nextcloud nayo inabadwa mu 2016 pamene Frank Karlitschek anachoka ku ownCloud, imene anaiyambitsa yekha, n'kupitiriza ntchitoyo pa dzina latsopano. Chilolezo chotseguka chimapereka mwayi umenewo, ngakhale sichilonjeza kuti wotola adzapezeka.

Musanaike, onani patsamba la pulojekitiyo kuti inatulutsa liti mtundu watsopano, ndi anthu angati amene akulembamo, ndiponso ngati odandaula amayankhidwa. Onani ngati pali njira imene olembawo amapezera ndalama. Joplin ili ndi Joplin Cloud yolipira, Proxmox imagulitsa thandizo kwa makampani, ndipo zoterezi zimasunga anthu pa ntchito. Ngati mungathe, perekaniko kangachepe ku pulogalamu imene mumaidalira tsiku lililonse.

Bwanji ine nditadwala kapena kuchokapo, a m'nyumba adzatani nazo?

Ili ndi funso limene okonda makompyuta amalizemba, koma ndi lalikulu ngati pa sevayo pali mapepala a malo, zikalata za sukulu za ana kapena mabuku a ndalama a bizinesi. Lembani pa pepala lenileni, osati pa seva yomweyo, kuti makinawo ndi ati, amayatsidwa bwanji, muli mapulogalamu anji, makope osungira ali kuti, ndi pasiwedi yotsegulira makopewo. Popanda pasiwedi imeneyo, kope la restic kapena la Joplin yobisidwa silitseguka ngakhale kwa amene analemba pulogalamuyo. Pepalalo liikeni pamene mumasunga zikalata zofunika, ndipo muuze munthu mmodzi wodalirika.

Kamodzi pa chaka tulutsaninso zolemba zonse ngati mafayilo wamba a Markdown kapena PDF, muziike pa fulashi yosafuna seva, Docker kapena luso lililonse. Mupatseni mnzanu wa m'nyumba aiike pa laputopu inu muli pomwepo, apeze yekha chikalata chimodzi chimene mwamutchulira. Pamene wakakamira, konzani pamenepo, ndipo mulembe pa pepala lija.